Chitoliro Chokhota Khosi

"Nanga ichi chikupita m'katoni iti?" anafunsa achimwene, atagwira chitoliro cha Amayi ngati mpini wa tsache.

Chitsiriza anadzutsa mutu pa makapu amene ankakulunga m'nyuzipepala. Maliro anali atatha, achibale atabwerera kwawo, ndipo m'nyumbamo munatsala makatoni ndi anthu atatu: iye, mchimwene wake wamkulu, ndi Bambo awo, amene anali chikhalire pakhonde kuyambira m'mawa, maso ali pa mawaya amagetsi.

"Chisiye pomwe wachipezapo," anatero Bambo osatembenuka.

"Bambo, kwathu kuli adzukulu anu. Akachiona ichi, tulo mudzangotimvera kwa ena."

"Wakuuza ndani kuti ndikupita kwanu?"

Nkhaniyi inali itakambidwa kale, ngakhale kuti amene ankaikamba anali achimwene okha, ena akumvetsera. Lamlungu achimwene anyamuka ndi Bambo, nyumba ibwezedwe kwa eni ake. Chitsiriza sanapeze potsutsa. Bambo sankadziwa ngakhale pamene pamakhala mchere, ndipo iye mwini digiri yake inamupezera desiki kutali, m'ofesi yopatsa tchuthi ngati ikuchotsa dzino.

"Lachinayi kubwera anthu," anatero Bambo.

Lachinayi lililonse masana, kwa zaka zambiri, Amayi ankaimba zitoliro m'chipinda chochezeramo ndi anzawo atatu: Aphunzitsi opuma ntchito, Anamwino, ndi Amayi a pamwamba, amene ankatsika masitepe atavala masilipasi. Zitolirozo zinali zosiyana msinkhu. Cha Amayi ankachitcha tena. Chinali chachitali ngati mkono, chokhota khosi, mawu ake apansi ngati a munthu wolankhula m'chipinda china. Bambo ankawatcha akadzidzi anayi. Akangomva kugogoda, ankanyamula wailesi n'kupita pakhonde. Chitsiriza anali atakula ndithu pamene anazindikira kuti wailesiyo sinkayatsidwa.

"Anthu ake ati? Azimayi a zitoliro aja?" anatero achimwene. "Aja ankabwerera Amayi."

"Ankabwerera tena. Popanda tena nyimbo ilibe pokhalira, ankatero mayi ako. Akapanda kuipeza muno, akaifuna kwina."

"Ndiye tenayo aimba ndani?"

"Ine."

Achimwene anaseka, kenako anazindikira kuti akuseka okha. Maso awo anapita pa dzanja lamanja la Bambo. Kachala kakumapeto kanadulidwa ndi makina osindikizira mabuku ana asanabadwe, panangotsala kachiputu kosalala.

"Chabwino," anatero mofatsa, ngati akulankhula ndi mwana wokana mankhwala. "Mukachiliza bwinobwino ndisananyamuke, ndikusiyani. Mukalephera, chipinda chanu tinakonza kale. Nachi."

Bambo anabisa manja m'khwapa. "Icho ayi. Pakamwa pakepo pali mano a mayi ako. Ndikagula changa. Chamtengo."

Mawu otsirizawo anawatchula mokankha. Zitoliro za anzawo a Amayi zinali zamtengo, zonyezimira, zogona m'mabokosi a nsalu yofewa. Cha Amayi chokha chinali cha pulasitiki. Bambo anawauzapo kangapo kuti akagule chamtengo, koma yankho linali limodzi: "Ichi chandikwana." Bambo ankamva ngati akuuzidwa kuti malipiro awo amathera pomwepo.

Chitsiriza analanda chitolirocho kwa achimwene n'kuchipukuta ndi nsonga ya bulauzi. Chinali cha zigawo zitatu zolowetsana. Pamene chigawo chapakati chimakumana ndi chapansi panali timadontho ta utoto wa zikhadabo, tiwiri kumtunda, kamodzi kumunsi. Amayi ankaika chizindikiro pa chilichonse, ngakhale pa zivundikiro za mapoto. Anakumbukira mmene ankachisiyira m'manja mwa Bambo madzi akawira. "Tandigwirirani. Osati choncho ngati sipanala! Chala ichi apa, ichi apa, mungachigwetse." Bambo ankakhala atauma ngati munthu wopatsidwa khanda la eni, mpaka tiyi atafika.

M'mawa mwake Bambo anavala jekete lawo la maukwati, n'kunyamuka ndi Chitsiriza. Sitolo ya zoimbira inali pamwamba pa malo osokera nsapato, ndipo fungo la zomatira linawaperekeza mpaka pakhomo. Mwini wake anali mayi wa imvi, magalasi ake akulendewera pa chingwe.

"Tikufuna tena," anatero Bambo. "Yamtengo. Ya pulasitiki musandionetse n'komwe."

"Mwaimbapo?"

"Ndamverapo."

Mayiyo anayala nsalu patebulo n'kugonekapo ziwiri. Choyamba chinali chotuwira, chopepuka. "Ichi n'cha mtengo wa peyala. Mawu ake ndi ofewa, amalowana bwino ndi a anzake, sadzionetsa." Chachiwiri chinali chakuda, cholemera. "Ichi mtengo wake ndi wolimba. Mawu ake ndi akuthwa, amafika kumapeto kwa holo. Koma zonsezi zili ndi malamulo. Mtengo umamwa chinyezi cha mpweya wanu, ndiye poyamba mumaimba pang'ono chabe tsiku lililonse kuti uzolowere. Mukatha, mumapukuta m'kati. Nthawi ndi nthawi mumadzoza mafuta ake. Padzuwa ayi, pafupi ndi moto ayi, chingang'aluke."

"Ndiye ndi khandatu," anatero Bambo.

"Khanda limakula. Ichi chimakhala choncho mpaka kalekale."

"Nanga cha pulasitiki?" anafunsa Chitsiriza. Bambo anamuyang'ana ngati wawapereka.

"Chimenecho ndi mwana wa m'misewu. Chigwe, chinyowe, mumangochitsuka ndi sopo. Vuto lake sichimwa madzi, ndiye timadontho timasonkhana m'njira ya mpweya, mawu n'kusasa. Mumayamba mwafunditsa mutu wake m'khwapa."

Bambo anasankha chakuda. Mayiyo anawaonetsa pogwira: dzanja lamanzere kumtunda, chala chachikulu pa bowo lakumbuyo, lamanja kumunsi. Mabowo anali otalikirana kuposa mmene ankaonekera ali patebulo. Bambo anatambasula zala mpaka mitsempha inatuluka, koma kachiputu kanangolendewera m'malere, kutali ndi bowo lomaliza. Anauzira. Chinalira ngati chitseko chosowa mafuta, ndipo mwamuna wina amene ankasankha zingwe za gitala anayang'ana kudenga mwaulemu.

"Tiyese chokhala ndi kiyi," anatero mayiyo. Anatulutsa china cha peyala, chokhala ndi kachitsulo kumunsi. "Mukakanikiza apa, kachitsuloka kamakutsekerani bowo lakutalilo."

Bambo anayesa. Chitolirocho chinali chowongoka, choncho mkono unayenera kupita kutali, dzanja n'kupindika polumikizira. Kachiputu kanatsala pang'ono, kanthu kosakwana n'komwe chikhadabo, koma sikanafike. Anayesanso mpaka thukuta linaoneka pamphuno.

"Chofunika inu n'chokhota khosi, chimabweretsa mabowo pafupi ndi thupi. Chamtengo chotero ndiyenera kuitanitsa kunja. Zimatenga miyezi."

Bambo anachigoneka pa nsalu mosamala, n'kupukuta pakamwa pake ndi mpango wawo. "Zikomo, mayi. Takutayitsani nthawi." Anatembenukira kwa Chitsiriza. "Tiye. Ukamuuze mchimwene wako kuti wailesi asaiike pansi pa katundu."

Chitsiriza sanawaonepo ali aafupi chotero.

Mayi wa m'sitolo anali atavala magalasi tsopano, akuyang'anitsitsa dzanja la Bambo.

"Pepani, bambo. Akazi anu si aatali, a zala zazitali, olankhula ngati akuwerenga malamulo? Amene ananditukwanira masitepe anga?"

Bambo anaima.

"Ndiye ndinu inu! Papita zaka, koma sindinaiwale. Anakhala pampando uwo masana onse. Anakonda cha peyala chopanda kiyi, ngati chija ndakuonetsani poyamba. Zala zawo zinkafika paliponse, ankaimba atatsinzina. Ndinali nditayamba kale kukulunga. Kenako anapinda kachala aka, chonchi, n'kuyambiranso kuyesa zonse, chimodzichimodzi, kachala kali kopinda. Ndinafunsa ngati avulala. Anati, 'Ayi, kunyumba kuli munthu wouma mutu. Tsiku lina adzachifuna, ngakhale pano sakudziwa.' Ndinati chabwino, ndikuitanitsireni chamtengo chokhota khosi. Anakana. Anati, 'Ameneyo angachithire mafuta a makina n'kuchiiwala pakhonde.'" Mayiyo anaseka yekha. "Anatenga cha pulasitiki, akudandaula kuti kiyi yake ikuchita phokoso. Ali bwanji masiku ano?"

Bambo ankayang'ana mabatani a jekete lawo.

"Anatisiya," anayankha Chitsiriza. "Sabata yathayi."

Mayiyo anavula magalasi. Anayamba kupinda nsalu ija, ngakhale zitoliro zinali zidakali pomwepo.

M'basi, atatsala pang'ono kutsika, Bambo anang'ung'udza. "Mafuta a makina," anatero, akuyang'ana pawindo. "Ngati ndine chitsiru."

Anapeza achimwene akumata makatoni ndi tepi. Makoma anali atayera, pa malo a zithunzi patangotsala misomali.

"Mwagula?"

"Ayi."

"Basi, musadandaule. Kwathu mukapeza zochita zambiri. Kuli kampopi kodontha kakukudikirani."

Bambo anavula jekete, n'kukasamba m'manja nthawi yaitali. Atabwerako anakhala pampando wa Amayi, umene aliyense ankauzungulira chichitikire maliro. Anatambasula dzanja, Chitsiriza n'kuwapatsa chitoliro chija. Anayang'ana timabala ta mano pakamwa pake, osatipukuta. Analowetsa mutu wake m'khwapa n'kudikira.

"Mukutani tsopano?" anafunsa achimwene.

"Ndikufunditsa. Mata makatoni ako."

Zala zinapita zokha pamalo pake, ichi apa, ichi apa. Kachiputu kanakhudza m'mphepete mwa kiyi n'kutsetsereka. Bambo anachichotsa pakamwa, n'kuchiyandikiza m'maso. Munthu amene wagwira makina moyo wake wonse safunsa tanthauzo la timadontho toyang'anizana. Kadontho kakumunsi kanali koyang'anana ndi koyamba kakumtunda. Anapotoza chigawo chapansi pang'onopang'ono mpaka kanafika pa kachiwiri.

Kachiputu kanagwera pa kiyi ngati phazi m'nsapato yakale.

Poyamba kunatuluka mpweya wokha. Kachiwiri chinalira mokwiya. Bambo anapuma, anatsitsa mapewa, n'kuuzira pang'ono, ngati munthu woziziritsa tiyi wa mwana. Liwu lapansi kwambiri linatuluka, lonjenjemera, n'kuyenda m'chipinda chopanda makatani mpaka linakathera kukhonde.

Tepi inasiya kulira.

"Liwu limodzi si nyimbo, Bambo," anatero achimwene.

"Unati ndichilize. Ena adzandiphunzitsa akadzidzi aja."

"Nanga kudya? Nanga mukadwala?"

"Mmodzi mwa iwo ndi namwino. Mcherewo mlongo wakoyu andionetsa pomwe umakhala." Anayang'ana Chitsiriza. "Tulutsa makapu anayi. Osati a maluwawo, aja ndi a alendo."

Achimwene anaima kanthawi, tepi ili m'manja. Kenako anatenga mpeni, n'kung'amba katoni imene anali atangoimata.

Madzulo a tsikulo Bambo anabwerera pakhonde, wailesi ili pamiyendo. Lamlungu linali kubwerabe, ana onse awiri adzanyamuka, ndipo pakati pa Lachinayi ndi Lachinayi linzake pali masiku ambiri. Chitsiriza anatsuka makapu anayi n'kuwavundikira pa thireyi. Asanabweze chitoliro pa shelefu, anachipendeketsa pa kuwala kwa pawindo.

Kadontho koyamba, ka zala za Amayi, kanali katafufutika, kosaoneka bwino. Kachiwiri, ka dzanja la Bambo, kanali kotukuka ngati kachiphuphu, kopakidwa mobwerezabwereza. Anakakanda pang'ono ndi chikhadabo. Pansi pa utoto wofiira panali wofiirira, pansi pa wofiirira panali wapinki, mtundu umene Amayi anasiya kupaka iye ali kusekondale.