Ndodo za Bambo Tsiku la Maliro

Bambo anga a Carmine tinawaika m'manda Lachiwiri ku Belmar, mphepo ya kunyanja ikutiwaza mchenga m'maso. Moyo wawo wonse ankapanga ndodo zowedzera m'chipinda cha pansi pa nyumba. Ankagula ndodo zosamanga, zakuda, zopanda chogwirira ngakhale mphete zodutsamo chingwe, n'kumazimanga okha ndi ulusi. Anthu ankawadziwa ndi ndodo za fuluke, nsomba yophwathalala yogona pamchenga pansi pa nyanja.

Titabwerako kumanda, nyumba inadzaza. Ine ndinkagawa makaroni ndi nyama ya nkhumba, mayi atakhala pampando wawo. Mwadzidzidzi ndinaona kuti pabalaza patsala azimayi okhaokha. Mwamuna wanga Gene sankaoneka, amalume a Rocco nawonso kulibe.

Nditatsegula chitseko chotsikira pansi, fungo linanditsamwitsa. Firiji yomwe bambo ankasungamo tinsomba ta nyambo inali itazima, kaya liti, mwina ali m'chipatala muja. Madzi ofiirira, onanda, anali atayenderera pasimenti ponse. Ntchentche zinali ng'waa pazenera. Ndipo m'madzimo munali mutaima azibambo, masuti awo a pamaliro ali m'thupi, aliyense ndodo m'manja.

Amalume anali atakanikiza nsonga ya ndodo ina kudenga, akuyang'ana m'mene ikupindikira.

"Iyi ndiye yake," anatero. "Fuluke amadya mwamanyazi, amangonyambita nyambo. Nsonga izikhala yofewa kuti umumve, koma msana wolimba, ukamukoke kwakuya."

"Ndiye bweretsani kuno, amalume," anatero Gene. "Inu manja anayamba kale kunjenjemera, muzingoyesa nsomba yadya pomwe ndi inu nomwe."

Onse anaseka.

"Mkamwini wopanda mwambo iwe! Iyi alamu anandilonjeza ine."

"Analonjeza tauni yonse, amalume."

Ndinaima pamasitepe nditatseka mphuno ndi nsalu ya mbale. "Kodi inu, simukumva kununkhaku?"

"Tikumva, Loretta, tikonza mawa," anatero Gene osacheuka n'komwe. "Tabwera undigwirire kunsongaku, ndione pomwe ikuyambira kulimba. Ndikufuna kusiyanitsa ndi iyi yaitaliyi."

Ndinayang'ana nsapato zake. Ndinazipolisha ndine m'mawa womwewo kuti akanyamulire bokosi la bambo. Tsopano zinali zitamira m'madzi onyansa aja, kachidutswa ka nsomba yovunda katamatirira pachidendene.

Ndinatsika, n'kuwadutsa, n'kutsegula firiji ija chitseko chonse. Mphutsi zinali piringupiringu mpaka m'milomo mwa firijimo. Fungo lenileni linatuluka pamenepo. Amalume anagwira pakamwa, mnzawo wina wa bambo analavulira m'mpango. Anakwera masitepe mokankhana, koma palibe ndi mmodzi yemwe anasiya ndodo yake. Ndinkamva nsonga zikugogoda denga pokwerapo, kenako mawu a mayi pabalaza: "Ndani waponda chiyani pakapeti panga?"

Ndinatsala ndekha. Ndinavala magolovesi a bambo, n'kuyamba kuwolera zovundazo m'majumbo akuda. Ndinasanza m'sinki, n'kupitiriza. Pazenera laling'ono loyang'ana panja ndinkaona miyendo ya Gene ili pagalimoto yathu. Ankavutika kulowetsa ndodo ziwiri, kuzitembenuza uku ndi uku mosamala kuti nsonga zisakhudze galasi.

Atamaliza anabwera pamwamba pa masitepe. "Loretta, tizipita? Anthu ayamba kutsanzika."

"Pitani."

"Wakwiya? Bambo akanakonda kuti ndodozi zizigwira ntchito, osati kumangowunjika fumbi."

"Ndati pitani. Mupukute nsapatozo musanapondenso kwa mayi."

Ndinagona kwa mayi sabata yonseyo. Kapeti tinaichapa ndi sopo, tinathira mankhwala, sizinathandize. Mapeto ake tinaikulunga, ine ndi mayi, n'kukaisiya kumsewu kuti a zinyalala atenge.