Hatchi ya Sapar

"Chotsani mwendowo! Ndati chotsani ndisanauthyole!"

Bambo wokweza magalimoto pasiteshoni ya Almaty anabweza mwendo wake ngati waponda khala la moto. Anali atangotsekula chitseko cha galimoto yoyera ya Niva kuti aikweze m'bogi ya magalimoto, kumchira kwa sitima. Atacheuka anaona mayi wamfupi wa mpango wakuda atakweza ketulo m'mwamba, wokonzeka kumuphwanya nayo mutu.

"Mayi, nanga ikwera bwanji? Ili ndi mapiko?"

"Mukankhe."

"Tikankhe? Pachitunda chachitsulo ichi?"

"Mulipo amuna angati pano? Kapena mathalauzawo munangobwereka?"

Mayiyu, Ulbosyn, sanali wamisala. Mwamuna wake Sapar anamwalira chaka chatha, mphepo yozizira itangoyamba. Makolo akale a kwawoko, mwamuna akafa, hatchi yake ankaimeta mchira n'kuisiya osaikwera munthu mpaka sadaka ya chaka. Sapar hatchi analibe. Anali ndi Niva imeneyi, yomwe ankanyamulira anthu ndi matumba a anyezi mpaka tsiku limene mtima wake unaima. Pamene ankanyamula thupi kupita nalo kwawo ku Kyzylorda, amayi ake, a Balzhan, anadula kachingwe ka ubweya wa hatchi komwe kankalendewera pagalasi, n'kuika chipewa cha malemuyo pampando wa dalaivala.

"Hatchi ya mwana wanga ndi iyi," anatero. "Pasakhale munthu apa mpaka sadaka. Ikatha sadaka, kiyi ndidzapereka ndi dzanja langa kwa Meruert."

Meruert anali mwana yekhayo wa Sapar ndi Ulbosyn, mtsikana. Chaka chonse Niva inakhala pakhomo itafunda lona. Ulbosyn ankapita kuntchito yake yotsuka mbale wapansi, m'matope ndi m'chisanu, galimoto ili pomwepo. Ogula anabwera, anawathamangitsa ndi tsache. Tsopano sadaka inali itayandikira. Meruert anali atatsogola kukathandiza kuphika, ndipo hatchi inayenera kukafika kwawo ilibe wokwera.

"Akankhireni, abale, akankhireni," anatero Kanat, mng'ono wake wa Sapar, akuseka. "Mlamu wangayu akati mwala ndi buledi, ingotafunani."

Anavula jekete, analowetsa mkono pawindo kugwira chiwongolero, ndipo amunawo anakankha akutukwana chapansipansi. Niva inakwera. Anaimanga mateyala ndi malamba, anatseka chitseko cha bogi.

Kanat ananyamula zikwama zonse. Anampezera mlamu wake bedi lapansi, anakatunga madzi otentha kwa kondakitala, anathira tiyi, anaikamo mkaka. Ulbosyn ankangomuyang'ana. Munthu ameneyu chaka chonse sanabwere n'komwe kudzakonza mpopi wodontha, lero wasanduka mngelo?

"Mzime, wakondwa bwanji lero," anatero. "Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi."

Ankamutcha Mzime chifukwa kwawoko mkazi wokwatiwa satchula dzina la abale a mwamuna wake. Ulbosyn analowa m'banjali Kanat akadali ndi mamina pamphuno, ndipo kuyambira pamenepo dzina lake lenileni silinatulukepo pakamwa pake.

"Ndakondwa chifukwa ndikupita kwa amayi. N'kulakwa?" Kanat anauzira tiyi wake. Kunja chipululu chinali chitayamba, chafulati, chopanda mtengo. "Koma mlamu, tikambe zoona. Mtsikana achita nayo chiyani Niva? Mawa akwatiwa, galimoto ya m'bale wanga ikanyamula apongozi a eni."

"Ikawanyamula ndi mafuta ako?"

"Si choncho. Hatchi yophera pasadaka ndi yodula masiku ano. Tikanagulitsa chitsulochi…"

"Hatchiyo ndagula kale ndi manja awa. Taona zala zangazi. Imwa tiyi."

Foni ya Kanat inalira. Anaiyang'ana, anatuluka nayo kukhonde la bogi, n'kutseka chitseko. Inaliranso dzuwa likulowa, anatulukanso. Ulbosyn anagwira kiyi yemwe anam'mangirira pachingwe m'khosi mwake. Analipo. Anagona atamufumbata.

Kutacha sitima inalowa mu Shymkent. Kondakitala anadutsa akukuwa kuti pano aima kanthawi, ofuna kugula zakudya atsike, koma sitima siidziwa m'bale.

"Ndikakugulireni samusa zotentha, mlamu," anatero Kanat, jekete lili kale paphewa.

Ulbosyn anapukuta nthunzi pawindo. Amayi ogulitsa samusa anali pomwepo pakhomo la bogi, mabeseni atafundika nsalu. Kanat anawadutsa ngati sakuwaona. Patsogolo pang'ono anapatsana dzanja ndi bambo wina wamimba, wa jekete lachikopa, ndipo awiriwo analunjika kumchira kwa sitima.

Apo m'pamene anakumbukira. Kalekale, Sapar atagonekedwa m'chipatala ndi mwendo, anapatsa mng'ono wake kiyi wachiwiri. Kiyi ameneyo sanabwerere.

Sanafune ndi nsapato zomwe. Anatsika ndi masilipasi.

"Mayi, musapite patali!" anakuwa kondakitala.

Sitima ija inali yaitali ngati chaka cha umasiye. Bogi, bogi, bogi, osatha. Ulbosyn mawondo ake anali oipa, koma anathamanga, akugunda anthu, akuponda zikwama. Silipasi imodzi inavuka, anaisiya. Mphepo inamubaya m'chifuwa. Munthu wina anamutukwana, iye sanacheuke.

Chitseko cha bogi ya magalimoto chinali chotsekula. Chitsulo chotsitsira chinali chitayalidwa kale. Woyang'anira bogiyo, yemwe mwachionekere anali atadyetsedwa kanthu, anali atagwada akumasula lamba lomaliza. Bambo wamimba uja ankamenya teyala ndi nsapato ngati akusankha vwende. Chitseko cha dalaivala chinali pululu. Chipewa cha Sapar chinali pansi, pamafuta akuda a galimoto ina. Ndipo Kanat, kiyi m'manja, anali atakweza mwendo.

"Mzime!"

Mwendo unaima m'malere.

"Mlamu, bwererani m'sitima. Izi ndi za amuna."

"Za amuna? Mwamuna wake wa galimoto iyi ali m'manda. Ena nonsenu ndinu akhwangwala."

"Mayiwa ndi ndani?" anafunsa wogulayo.

"Musawamvere, akudwala mutu chimwalirire… akudwala mutu basi. Tatiyeni, nthawi yatha."

"Mayi, chokani panjira," anatero woyang'anira bogi. "Mwini galimoto wanena kuti itsike pano."

Ulbosyn anayang'ana uku ndi uku. Wapolisi panalibe. M'bale panalibe. Panali amuna atatu ndi iye, wa silipasi imodzi. Kuwakankha sakanatha. Kukasuma, sitima ikanapita. Kutsogolo injini ya sitima inalira koyamba.

Anakwera pachitsulo chotsitsira chija, anakhala pansi pakatikati, anatambasula miyendo. Anaika manja m'chiuno monga amachitira akazi amasiye mtembo uli m'nyumba. Kenako anatsekula kukamwa nayamba kulira maliro, kulira kwenikweni kwa mawu, komwe sanalire chitsirizire masiku makumi anayi a chisoni.

"Sapar iwe, mzati wa nyumba yanga,
dzuka uone hatchi yako!
Mchira anaidula amayi ako,
chaka sichinathe, dothi lako silinaume,
mwana wa bere limodzi waiika pamsika!
Chipewa chako chili pamafuta, Sapar,
mutu wako auponda, Sapar!"

Mawu ake anali oipa, osasa ngati chitseko chadzimbiri, koma anamveka siteshoni yonse. Amayi a samusa anasiya mabeseni. Apaulendo anasuzumira m'mawindo. Anthu anayamba kubwera, wina atakweza kale foni.

"Mlamu, mukundichititsa manyazi!" Kanat anamugwira mkono. "Dzukani!"

"Usamugwire!" anakalipa mayi wina wokalamba wa samusa, akumuloza ndi foloko. "Mkazi akulira mwamuna wake, iwe n'kumukoka? Anakubereka ndi munthu iwe?"

Ulbosyn sanasiye. Anatchula m'mene Sapar ankamunyamulira Kanat kusukulu pamsana, m'mene anam'gulira suti ya ukwati, m'mene Niva yomweyi inathamangitsira mkazi wa Kanat kuchipatala ali ndi pakati. Zonse anaziika m'nyimbo ya maliro, chimodzichimodzi, pamaso pa anthu a ku Shymkent.

Wogula uja anali atachotsa phazi pateyala. Nkhope yake inali itasintha.

"Iwe," anati kwa Kanat, "unandiuza kuti mkulu wako wagula ina yatsopano."

"Akulu, mvetserani, ndi chitsulo chabe ichi, si hatchi…"

"Ndili ndi ana ine. Ndiwakweze m'galimoto ya womwalira chaka chisanathe? Ukufuna ndikathere m'dzenje?" Analavula pambali. Kenako anatembenukira kwa Ulbosyn, anatambasula manja, ananong'ona pemphero lalifupi n'kupukuta kumaso. "Mulungu awapatse malo abwino amuna anu, mayi. Ine sindinadziwe." Anachoka osacheuka.

Injini inaliranso kachiwiri. Woyang'anira bogi anaona mafoni aja, anaona khamu, ndipo mwadzidzidzi anakumbukira ntchito yake. Anagwada n'kuyamba kumanganso malamba.

"Ine ndimangoyesa malambawa ngati ali olimba," anatero, osafunsidwa ndi munthu.

Ulbosyn anatseka kukamwa. Misozi inalipo, koma sanaipukute. Anadzuka movutikira, anatambasula dzanja kwa Kanat. Kanat anayang'ana anthu aja, anayang'ana pansi, anaika kiyi m'dzanjamo. Ulbosyn anatola chipewa, anachikung'untha pabondo. Mafuta sanachoke. Anachibwezera pampando momwemo, anatseka chitseko, anakhoma.

Sitima inagwedezeka. Mayi wa samusa uja ndi mnzake anamukweza m'bogi yapafupi ngati thumba la ufa, wina n'kumuponyera samusa ziwiri m'manja. Kanat anadumphira pakhomo lina sitima ikuyenda kale.

Ulbosyn anadutsa mabogi onse phazi limodzi lili ndi sokosi yokha. Atafika pamalo pake anakhala, anamangirira kiyi wachiwiri pachingwe chomwe chija, anadya samusa zonse ziwiri. Kanat anabwera patapita nthawi, anakhala kumapeto kwa bedi ngati mlendo.

Kunja ngamila zinkadya minga. Sitima inkangoti gudu gudu, gudu gudu.

"Mlamu."

Ulbosyn anapukuta zala pampango.

"Mlamu, sindinakhalepo pampando paja. Mwaona nokha. Mwendo wokha."

Ulbosyn anadzithirira tiyi.

"Musakawauze amayi. Mtima wawo ndi wofooka, mukudziwa. Satana anangondipitirira. Tonse timalakwa."

"Satana ali ndi nambala yako ya foni?" anafunsa Ulbosyn. Anatembenukira kuwindo.

Anafika ku Kyzylorda dzuwa litapendeka. Pasiteshoni panali abale ambiri, amalume, azisuweni, ndi lole yomwe anabwereka kuti inyamule Niva mpaka kunyumba. Meruert anathamangira amayi ake n'kuwakumbatira, kenako anayang'ana kumapazi.

"Amayi, silipasi ina ili kuti?"

"Ili ku Shymkent. Ikuyang'anira malonda."

Amuna anaitsitsa Niva pokankha. Kanat anafuna kulowetsa mkono pawindo kuti agwire chiwongolero, koma Ulbosyn anangomuyang'ana, iye n'kubwerera m'mbuyo. Amene anagwira chiwongolero ndi Meruert.

A Balzhan anabwera pang'onopang'ono ndi ndodo yawo. Anasisita boneti monga amasisitira khosi la hatchi. Anapempha kuti awatsekulire chitseko. Anaona chipewa pampando, anachinyamula, anachinunkhiza, n'kuchigwira pachifuwa.

"Mpongozi wanga," anatero, "pakhala munthu apa?"

"Ayi, amayi. Chichokereni inu, sipanakhale munthu."

"Mulungu akudalitse." Anatembenuza chipewa chija, ndipo chala chawo chinaima pabanga lakuda. Anachikanda. "Nanga mafuta awa achokera kuti? Ine ndinachiika choyera."

Kanat anali kumbuyo kwa amalume ake, maso ali pa mlamu wake, akupempha. Ulbosyn anamuyang'ana bwinobwino. Anaona kamwana ka mamina komwe ankakapukuta ndi mpango wake wa ukwati. Anaonanso mwendo uja uli m'malere.

"Funsani Kanat," anatero.

Mayi wina anagwira pakamwa. Amalume anacheuka. Panalibe amene anamvapo dzina limenelo likutuluka pakamwa pa Ulbosyn, ndipo panalibe amene anafunika kuuzidwa tanthauzo lake. A Balzhan anatembenuka pang'onopang'ono, chipewa chili m'manja, kufunafuna mwana wawo wotsiriza pakati pa anthu.

Ulbosyn anavula chingwe cha makiyi awiri m'khosi, anachiika m'thumba la apongozi ake, ananyamula ketulo yake, n'kuyamba kuyenda kupita kulole, phazi limodzi lili ndi sokosi yokha.