Denga la Apongozi

Kubanja la mwamuna wake ankamutchula kuti a Zanyengo, ndipo dzinalo silinali laulemu. Amene analiyambitsa anali apongozi ake, mayi wosoka zovala amene pakamwa pawo pankathwa kuposa sizasi yawo.

"Akazi a anzathu amagwira ntchito yooneka ndi maso," ankatero pamaso pa alendo. "Wathuyu anamulemba ntchito yoyang'ana kumwamba. Kaya tsiku lina adzatolako chiyani."

Alendo ankaseka, iye n'kumwetulira, mano ali gwa.

Ankagwira ntchito ku ofesi yoona zanyengo, m'chipinda chapamwamba chodzaza makompyuta ndi mapu. Tsiku lonse ankayang'ana zithunzi zochokera ku setilaiti, kuwerenga za mphepo, kutentha ndi chinyezi, kenako n'kulemba zoti wailesi iuze anthu. Ntchitoyo ankaidziwa, ndiponso ankadziwa pamene nzeru zake zinkathera.

Nyengo yotentha ikupita kumapeto, mvula itayandikira, foni yake inalira madzulo ena akutsuka mbale. Manja anali ndi thovu, choncho anaiika pa laudi kuti mawu azimveka m'nyumba monse. Mwamuna wake, mphunzitsi wofatsa ngati madzi a mumtsuko, ankasita malaya pafupi pomwepo. Woimbayo anali mkulu wake wa mwamunayo, kalipentala amene tauni yonse inkamudziwa kuti Khomakhoma.

"Alamu, tandiuzani msanga. Mawa kugwa mvula? Ndikufuna ndisasule denga la amayi, malata aja atha ntchito."

"M'mawa kucha bwino," anayankha. "Koma masana sindikuwakhulupirira, alamu. Mpweya wadzaza chinyezi. Malo ena igwa yamabingu, malo ena osagwa ngakhale dontho."

"Nanga kwa amayi?"

"Sindingakuuzeni kuti isankha denga liti. Dikirani kaye, mlungu wamawa kukuoneka kouma."

"Mlungu wamawa ndili ndi ntchito ina. Ndiye mwati m'mawa kuli bwino?"

"Ndati masana..."

"Ife masana timakhala titamaliza. Si ife a m'maofesi."

Foni inaduka. Anacheukira mwamuna wake. "Mwamva? Muwaimbire, inu mwina akumverani."

"Ndiwaimbira," anatero mwamunayo, maso ali pakolala ya malaya. Sanawaimbire.

Kutacha, kumwamba kunali mbee, kopanda ngakhale kamtambo kofundira mwana. Koma a Zanyengo atangokhala pa desiki pawo, thupi linawauza zoipa. Dzuwa likawotcha nthaka, mpweya wotentha umanyamuka ngati utsi, utasenza chinyezi. Ukafika m'mwamba mozizira, chinyezicho chimasanduka timadontho, mtambo n'kubadwa. Masiku ambiri pamakhala mpweya wina wofunda m'mwambamo umene umatsekereza ngati chivindikiro, mtambo ukafika pamenepo n'kufa. Tsiku limenelo chivindikirocho chinali chopyapyala ngati pepala, komanso mphepo ziwiri zochokera mbali zosiyana zinkakumana pamwamba pa tauni penipeni.

Dzuwa litafika paliwombo, pachithunzi panaoneka kadontho koyera. Chithunzi chotsatira chitabwera, kadonthoko kanali katatupa ngati chithupsa. Kanali mbali ya tauni kumene apongozi ankakhala.

Anaimbira Khomakhoma, foni inangolira mpaka kutopa. Anaimbira mwamuna wake, inali yozimitsa poti anali m'kalasi. Anapuma mozama n'kuimbira apongozi. Asanamve n'komwe mawu awo, anamva hamala ndi phokoso la malata akuponyedwa pansi.

"Amayi, auzeni alamu atseke denga pompano. Afunditse lona, chilichonse. Kukubwera mvula yamkuntho."

"Kuno dzuwa likuswa mtengo," anayankha apongozi. "Inu muli m'nyumba, mukuuza ife amene tili panja?"

"Amayi, chonde, ndikuuona mtambowo."

"Uoneni bwino, ndiyo ntchito yanu. Ife tisiyeni tigwire yathu."

Sakanathawa pa desiki nthawi yomweyo. Analemba kaye chenjezo, n'kulitumiza ku wailesi ndi ku bwalo la ndege. Pamene ankatsika masitepe, mtambo uja unali utaima kumwamba ngati phiri, pansi pake pali bii, pamwamba patayala ngati tebulo. Mphepo yozizira inadutsa mumsewu ikuthamangitsa mapepala ndi fumbi. Takisi imene anakwera inakumana ndi matalala panjira, dalaivala n'kuima pansi pa mlatho akutukwana. Mvulayo sinakhalitse. Inabwera, inachita zimene inabwerera, n'kupita.

Nyumba ya apongozi anaipeza ili yasa kukamwa. Theka la denga panalibe, mapaso ali poyera. Lata lina linali litapindika pamtengo wa oyandikana nawo. M'kati madzi anali ofika mu akakolo, nsalu za makasitomala zikuyandama, chithunzi cha malemu apongozi aamuna chili chafufumimba m'matope. Siling'i itamwa madzi inagwa yonse pabalaza, ndipo inagwera apongozi pamene ankayesa kufunditsa makina awo osokera. Tsopano anali atakhala pampando panja, atafunda bulangete la munthu wina, dzanja lamanja litalendewera moonetsa kuti lathyoka.

Anthu anali atadzaza pabwalo. Khomakhoma anali pakati pawo, malaya atamatirira pathupi, maso ali psuu. Atangoona mlamu wake, analoza ndi hamala.

"Ndi amenewa! Abwera kudzaona ntchito ya manja awo!"

"Alamu, tiwatengere kaye amayi kuchipatala."

"Musandiuze zochita! Dzulo ndinakufunsani ine. Munati chiyani? Munati kuli bwino! Munthu wa ku ofesi ya zanyengo, mwini wake wa mitambo, akandiuza kuti kuli bwino, ine ndikane?"

"Ndinati m'mawa. Ndinakuuzani kuti mudikire."

"Bodza! Mukufuna mundisenzetse ine?"

Gulu linayamba kung'ung'udza. Mayi wina wogulitsa makala anati a zanyengo onse ndi amodzi, akati dzuwa uzitenga ambulera. Bambo wina anati tomato wake anapsa chaka chatha chifukwa cha anthu omwewa. Aliyense anali ndi mlandu wake ndi thambo, ndipo lero thambolo linali litabwera lokha, litavala siketi ndi nsapato zonyowa.

Pomwepo mwamuna wake anatulukira, akupuma wefuwefu, choko chikadali m'manja. Mtima wa a Zanyengo unakhala pansi.

"Bambo a mwana, munalipo dzulo. Foni inali pa laudi. Tawauzani anthuwa zimene ndinanena."

Mwamunayo anayang'ana mkulu wake, anayang'ana mayi ake, kenako anayang'ana matope.

"Ine... sindikukumbukira bwinobwino. Ndinali ndikusita."

"Mwamva!" anakuwa Khomakhoma.

A Zanyengo anatembenukira kwa apongozi. "Amayi, masana ano ndinakuimbirani."

Apongozi anatseka maso. "Dzanja langa," anabuula. "Mwana wanga, dzanja langa likundipha." Ndipo mwana amene anamugwira chovala anali Khomakhoma.

Kuchipatala anawaika chikhakha. Popeza nyumba yawo sinali yogonamo, ndipo kwa Khomakhoma kunali kothithikana, anabwera kudzakhala kwa mwana wawo wamng'ono. Anawapatsa chipinda cha mdzukulu wawo, amene anali kusukulu yogonera komweko.

Nyumba inasanduka yozizira ngati mochale. Amene ankawasambitsa apongozi anali a Zanyengo. Ndi iwo ankawapesa, kuwamanga mabatani, kuwadulira chakudya m'mbale, asanathamangire kuntchito. Koma kwa apongoziwo, madzi ankakhala otentha kwambiri kapena ozizira kwambiri. Tiyi ankakhala ndi shuga wambiri, kapena wochepa ngati akumanidwa. Wailesi ikayamba kunena zanyengo, apongozi ankatambasula dzanja lamanzere n'kuizimitsa kuti thi. Azimayi a kutchalitchi akabwera kudzazonda, ankawaonetsa chikhakha.

"Mphatso yochokera kwa mkazi wa mwana wanga iyi. Ena amalandira nsalu."

Khomakhoma ankabwera madzulo aliwonse, n'kukhala pampando wabwino, osapereka moni. Mumsewu namo nkhani inali itafalikira. Wometa wa pakona ankati akawaona a Zanyengo akudutsa, amatulutsa mutu pawindo n'kufuula, "Lero kuli bwino, adona? Tisasule?" Makasitomala ake n'kufa nazo.

Mwamuna wake ankayenda m'nyumbamo ngati mphaka woba. Tsiku lina anapeza mkazi wake ali yekha kukhitchini.

"Mayi a mwana, mungowapepesa basi. Mawu awiri okha, nyumba ino ipume."

"Ndipepese chiyani?"

"Mukudziwa mmene achimwene alili. Ndikananena kuti olakwa ndi iwo pamaso pa anthu onse aja, ndani akanawapatsanso ntchito? Inu za ku ofesi kwanu palibe angazigwedeze."

"Ndiye kuti mukukumbukira."

Mwamunayo anatsegula kabati, n'kuyang'anamo nthawi yaitali ngati mwalowa yankho.

Loweruka lina m'mawa, mwamuna atapita kumsika, a Zanyengo ankawaveka apongozi bulauzi. Chikhakha chinkakana kulowa m'mkono, ndipo ankachikankha pang'onopang'ono kuti asawapweteke.

"Samalani! Mukufuna mumalize limene munasiya?"

Manja a a Zanyengo anaima. Anasiya bulauziyo ili lende paphewa, n'kudzaima kutsogolo kwawo.

"Amayi, tili awiri muno. Palibe wa kutchalitchi, palibe alamu. Tsiku lija ndinakuimbirani kapena sindinakuimbireni?"

Apongozi anawayang'ana m'maso, osaphethira.

"Munaimba."

"Ndinati chiyani?"

"Munati atseke. Ndipo dzulo lake munati adikire, ndinamva ndekha poti ankaimbira pabalaza panga. Mukuganiza kuti ndagontha?"

"Nanga mukundizunziranji?"

"Mumafuna ndiime pagulu ndinene kuti mwana wanga ndi chitsiru? Uja ndinamubereka ine. Akagwa, ndagwa ndine. Inu mwangobwera. Mawa mukhoza kunyamula zikwama zanu, dzina loipalo n'kupita nalo, m'banja muno n'kukhala moyera. Iye apita kuti?"

Ananena zimenezi modekha, ngati akuuza kasitomala kuti nsalu yake yachepa.

"Ndamva, amayi," anatero a Zanyengo.

"Mwamva, ndiye ndivekeni. Ndikuzizidwa."

Anawaveka. Anamanga mabatani onse mpaka lapakhosi, anawongola kolala, n'kutuluka.

Ofesi yawo inali ndi siteshoni ina kutali, pamwamba pa chitunda chopanda mitengo, kumene aliyense ankakana kupita. Lolemba m'mawa a Zanyengo anagogoda kwa bwana wawo n'kupempha malowo. Bwanayo anavula magalasi.

"Kumene kuja? Mwalakwira ndani?"

"Palibe, bwana. Ndikufuna kumene kuli mphepo yambiri, anthu ochepa."

Anadikira mpaka tsiku limene chikhakha chinachotsedwa, kuti pasapezeke wonena kuti anathawa wodwala. Tsiku limenelo galimoto ya ku ofesi inaima pageti. Mwamuna wake anayenda pambuyo pake kuchokera kuchipinda mpaka panja, manja ali m'thumba.

"Mayi a mwana, nkhani yaing'ono ngati imeneyi? Anthu aziti chiyani?"

"Muwauze kuti simukukumbukira."

Apongozi sanatuluke. Ankaonera pawindo, akupinda ndi kutambasula zala za dzanja lopola lija.

Kusiteshoniko kunali kanyumba ka zipinda ziwiri, mpanda wa waya, ndi zipangizo zoyezera mvula ndi mphepo. M'mawa uliwonse ankapopa chibaluni chachikulu, n'kumangirirako kabokosi koyeza kutentha ndi chinyezi, n'kuchisiya chikwere mpaka chitasowa m'maso. Mwana wake ankabwera pa holide, ndipo ndi amene ankabweretsa nkhani za kutauni. Nyumba ya agogo inafoleredwa ndi kalipentala wina, chifukwa abale awiri aja anakangana pa nkhani ya matabwa mpaka kugwirana makolala. Agogowo anakana kubwerera kwawo ngakhale denga litatha, akuti anazolowera. Tsopano amene ankalakwitsa tiyi anali mwana wawo wamng'ono.

Mwamuna wake anapitako kamodzi, nyengo yozizira. Anatsika basi kumunsi kwa chitunda n'kukwera wapansi, atanyamula jumbo ya malalanje. A Zanyengo anamulandira ngati mlendo wa boma, anamupatsa mpando ndi madzi akumwa. Anakambirana za mayeso a mwana ndi nsapato zake zimene zinathina. Mwamunayo anatsokomola kangapo ngati akufuna kuyamba nkhani ina, koma nthawi iliyonse ankathera pa malalanje, kuti chaka chino ndi otsekemera.

Dzuwa litapendeka, a Zanyengo anaimirira n'kutenga makiyi a mpanda.

"Basi yomaliza imadutsa posachedwa," anatero. "Mukaiphonya, kuno kulibe pogona alendo."

Anamuperekeza mpaka pageti, n'kutseka.