Lachinayi la Dokotala wa Mano

Lachinayi loyamba la mwezi, Whiteson Sakala ankatseka kashedi kake kokonzera njinga pa Rufunsa, n'kuvala shati yoyera ya kutchalitchi, n'kupalasa ulendo wa ku chipatala cha mishoni ku Mpanshya. Anzake a pamsewu ankamuseka kuti munthu wa mano odzaza ngati chimanga chokhwima amakatani kwa dokotala wa mano. Iye ankangopalasa. Limenelo linali tsiku lokhalo limene ankaona mwana wake, Nelly.

Mkazi wake, Mailesi, anamwalira mu 1994, ndipo maliro atatha akuchikazi anachita monga mwa mwambo: mwana ndi wa kwa amayi ake. Nelly anatengedwa kupita ku Shikabeta, kwa a Eneless, mkulu wake wa malemuyo. Pamaliropo panatulukanso mawu akuti Whiteson anachedwa kupita naye mkazi kuchipatala, iye n'kuyankha mopsa mtima pamaso pa anthu. Kuyambira pamenepo njira ya ku Shikabeta inamera udzu. Ankamusowa mwanayo koopsa, mpaka nthawi zina ankangoima ndi sipanala m'manja, ataiwala chimene amamanga.

Amene anawakumanitsa ndi mano. Patapita chaka, mano anayi a m'mbali a Nelly anabooka, tsaya n'kutupa. A Eneless anapita naye kwa a Davies, dokotala wa mano amene ankabwera kamodzi pamwezi kuchokera ku Lusaka ndi bokosi lake la zitsulo. Nelly, wa zaka zisanu ndi chimodzi, ataona zitsulozo anatseka pakamwa kuti ndwii, ndipo a Davies atayesa kumunyengerera anawaluma chala. Ena akanaitana anamwino atatu kuti am'panikize. A Davies anangopukuta chala chawo, n'kumufunsa kuti akufuna akhale ndi ndani. Mwana anati atate. A Eneless anakwinya nkhope, koma tsaya lotupa silidikira kuti akuluakulu agwirizane, choncho uthenga unapita ku Rufunsa ndi kondakitala wa minibasi.

A Davies anali ndi kachitidwe kawokawo. Kholo ndilo linkakhala pampando, mwana pamiyendo pake, msana utatsamira pachifuwa. Ankayamba apatsa mwanayo kagalasi kakang'ono koonera m'kamwa kuti awerenge mano a kholo lake, kenako n'kunena kuti tsopano tiwerenge ako. Ndipo sankagwira mano awiri tsiku limodzi. Ankati mwana ukamutopetsa lero, mawa sabweranso.

Mano anayi, miyezi inayi. Whiteson ankakhala pampando paja atakumbatira mwana wake, akumva fungo la utsi ndi mafuta m'tsitsi lake, timanja titagwira zala zake zakuda ndi girisi. Nelly ankamuuza za mbuzi yake, za mphunzitsi wawo wa chipewa chong'ambika, zonse mothamanga, a Davies asananene kuti ayasamule. A Eneless ankakhala pabenchi pafupi ndi chitseko, maso ali kunja. Kunena zoona, Whiteson ankachita manyazi mumtima, chifukwa bambo wanji amene amathokoza Mulungu kuti mano a mwana wake abooka?

Lachinayi lachinayi linafika msanga. A Davies anamata dzino lomaliza, n'kumuombera m'manja Nelly, n'kunena kuti ntchito yatha, azingotsuka m'kamwa m'mawa ndi madzulo, nzimbe ndi maswiti achepetse. Kubweranso kunali kosafunika pokhapokha china chitavuta.

Nelly sanatsike. Anagwira tsaya lakumanzere n'kunena kuti muli lina likuwawa. A Davies anaunika, anagogoda dzino lililonse, osapeza kanthu. Atafunsanso kuti ndi liti, mwana anaiwala, nagwira tsaya lakumanja. Whiteson anaona, a Davies nawonso anaona. Dokotalayo anatsokomola pang'ono, n'kutenga khadi lolembapo tsiku lobweranso, nati mano ena amabisa matenda, ndi bwino adzalionenso mwezi wamawa. Whiteson anakondwa ngati mwana.

Koma a Eneless anaimirira akumanga chitenje.

"Iyayi ba dokota, ise talema. Ni nthawi yolima ino, sitingaziyenda mwezi na mwezi. Kumudzi kuli amdala amene amachotsa mano na pulayala. Mailo chabe azalichotsa, nkhani isile."

A Davies anawaletsa ndithu, nafotokoza kuopsa kwake, koma a Eneless anangoti amva. Whiteson ankawadziwa alamu akewo. Sanali munthu woipa, mwanayo ankamukonda, ndipo chifukwa cha chikondi chomwecho sakanalola kuti agone ndi dzino lowawa. Whiteson ankadziwanso pulayala, popeza ankaigwira tsiku ndi tsiku. Akanangokhala chete, khadi likanalembedwa, mwina n'kudzamuonanso mwana wake. Koma mwina mailo ankanenawo, mawa lomwelo, dzino labwinobwino likanazulidwa pansi pa mtengo, mwana atagwiridwa manja ndi miyendo.

Anaweramira kukhutu kwa Nelly, koma analankhula moti onse amve.

"Mayi wanga, uza amayi ako akulu zoona. Likuwawa?"

Nelly anatembenuka kumuyang'ana. M'maso mwake munali kudabwa kuti atate ake omwe ndi amene akumuulula. Anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Sili kuwawa. Nenze kufuna chabe kuti muzibwera."

A Davies anabweza khadi lija patebulo osalemba kanthu. A Eneless anayang'ana pansi nthawi yaitali, ndipo Whiteson anadikira, poganiza kuti mwina anena mawu amodzi okha, oti alamu mudzafike kumudzi. Iwo anangoti galimoto ya ku Shikabeta siidikira munthu.

Nelly anali atagwira shati yoyera ija ndi manja onse awiri. Whiteson anamasula tizala take kamodzikamodzi, n'kumutsitsa yekha pamiyendo pake.