Beseni la Panjira ya Kumanda

Nobert atabwerera ku pulazi ya kufupi ndi Macheke kudzapempha mavoti, anafika ngati mkamwini watsopano, chipewa m'manja, mano onse pamtunda. Ankafunanso ukhansala umene Bright anamulanda. Bright naye sanali munthu woti n'kumuimbira nthungululu. Mjigo wa pakomboni unafa iye ali pampando, ndipo ankangoukonza ndi pakamwa. Koma Bright sanalimepo manda a munthu.

Nobert ndiye analima. Ali khansala anapatsidwa chigawo cha pulaziyo, ndipo thirakitala yake inagwetsa kamsitu komwe anthu a pakomboni ankaikako akufa awo. Anthuwo anali adzukulu a Amalawi obwera kudzagwira ntchito m'dziko la eni, ndipo analibe mudzi kuno wotengerako maliro, kwawo kunali kamsitu komweko. Esnat, mayi wamasiye wa pakomboni, anathamanga kukagwada kwa Nobert, poti mwamuna wake Lazalo anagona pamenepo. Nobert anamuyankha ali m'galimoto, ndi dzina lonyozera Amalawi: "Mabwidi mulibe manda kuno. Endai kwenyu, bwererani kwanu!" Masiku amenewo zitupa za anthu a pakomboni zinali zisanayambe kuwalola kuvota, ndiye akanaopa chiyani?

Kuyambira pamenepo Esnat ankathyola fodya wa ganyu pamwamba pa mwamuna wake, mtima ukuwira. Sanakhululuke, ndipo sankafuna n'komwe kukhululuka.

Msonkhano wa Nobert unachitikira m'mphepete mwa munda womwewo. Munthu wolakwa sachedwa kuiwala. Esnat anali atayenda kale khomo ndi khomo. Anatula beseni la madzi panjira n'kuponyamo masamba, monga amachitira anthu akamachokera kumanda.

Nobert anayamba kupereka moni wa m'manja. "Makadii, gogo? Ndife amodzi, handiti?"

Esnat analandira dzanjalo, kenako anapita pabeseni n'kusamba m'manja mosafulumira, chala ndi chala. Wotsatira anachita chimodzimodzi. Abambo, amayi, ngakhale achinyamata omwe anali atavala kale masikipa a nkhope yake, onse anafola. Panalibe wotukwana. Kunkangomveka madzi, khavu khavu.

"Ko, manja anga ali ndi chiyani?" Nobert anafunsa, kuseka kutamuumira pakamwa.

"Palibe, bambo," anatero Esnat. "Ife tikaika maliro timasamba. Paja munati kuno tilibe manda? Takupezerani anu."

Nobert sanamalize n'komwe zolankhula zake. Anakwera galimoto, makatoni a sopo osagawa.

Zotsatira zitatuluka, Bright anapambana n'kupha mbuzi ya phwando, wachisoni, akuganiza kuti anthu amamukonda. Esnat sanapiteko. Anatenga mtanda wa matabwa umene unakhala zaka kuseri kwa chitseko chake, n'kulowa nawo m'munda. Malowo ankawadziwa ngakhale opanda chizindikiro.

"Bambo a Chiku," anatero kwa mwamuna wake atagwada, "uja tamuika ali moyo."

Anakhomera mtandawo ndi mwala pakati pa fodya wa Nobert, n'kukhala pansi pomwepo, kudikira aone amene angayerekeze kuuzula.