Pepala Lapita ndi Mwini Wake

Achimwene anatsitsa setifiketi ya malemu pakhoma la shopu, n'kuipukuta ndi mkono wa shati, n'kuiika chafufumimba pabenchi. Pakhomapo panatsala msomali wokha.

"Pepala ili lapita ndi mwini wake," anatero. "Lolemba tikabweze makiyi kwa alandilodi."

Panali patapita masiku anayi chiikireni bambo awo m'manda. Mlongo wawo, yemwe aliyense ankamutcha Wamanzere, anali pakona akukulunga waya. Anagwira ntchito yamagetsi ndi bambo ake zaka khumi ndi ziwiri, koma pepala analibe. Achimwene anali ndi madigiri awiri, ngakhale babu likapsa kunyumba kwawo ankachita kuimba foni.

"Nyumba zatsopano zija nditsiriza ndekha," anatero Wamanzere.

"Kapitawo wanena kale dzulo, wopanda pepala asakhudze waya. Manja ako ndi abwino, palibe akukana, koma manja alibe chidindo."

"Ndikalemba mayeso."

"Ndafunsa. Amene sanapite kusukulu ya ntchito zamanja amayenera kubweretsa umboni wa ntchito iliyonse imene wagwira, wosainidwa. Uli nawo? Kapena uwadzutsa bambo akakulankhulire?"

Amayi, omwe anakhala pampando wa makasitomala atafumbata chipewa cha malemu, anatsokomola. Achimwene anazindikira kuti pakamwa pawathawa, ndipo anayamba kuyang'ana kudenga.

Wamanzere anangopitiriza kukulunga waya uja. Mkwiyo anali nawo, koma osati pa achimwene. Anakwiyira womwalirayo. Munthu uja sanamuyamikirepo ndi tsiku limodzi lomwe. Ntchito ikatha ankangomuuza kuti, "Kandidikire kugalimoto," iwo n'kubwerera okha m'nyumbamo, kukakoka mawaya onse ndi chala, kutsegulanso masoketi amene iye watseka, kenako n'kuchedwa pakhonde ndi mwini nyumba. Zaka zonsezo iye ankapsa m'galimoto, akudziwa kuti sakumukhulupirira.

"Chabwino," anatero. "Tiyeni tigawane zitsulo, nkhani ithe."

Anakoka bokosi la bambo, limene palibe ankaloledwa kuligwira. Pansi pa mapulayala ndi masikuludiraiva panali mpukutu wa pulasitiki, ndipo m'katimo munali makope a kusukulu khumi ndi awiri, akuda ndi girisi m'mphepete.

Achimwene anavala magalasi n'kutsegula loyamba. Tsamba lililonse linali ndi deti, malo, mtundu wa ntchito ndi dzina lenileni la Wamanzere lolembedwa lonse. M'munsi munali siginecha ya bambo ndi nambala ya setifiketi yawo, ndipo pambali pake siginecha ya mwini nyumba.

"'Walumikiza soketi yekha. Waya wakhwepa, wabwereza,'" anawerenga. Anatenga kope lina. "'Nyumba ya zipinda zisanu. Yekha. Palibe cholakwika.' Amayi, izi munkazidziwa?"

"Ndinkangoona akugula makope," anatero amayi. "Ine ndinkayesa apeza wina womulembera makalata."

Palibe anaseka, kupatula amayiwo, pang'ono.

Kope lomaliza linathera pakati. Achimwene anawerenga tsamba lotsiriza chamumtima, n'kumupatsa mlongo wawo kuti adzionere yekha. Bambo analilemba kutatsala sabata kuti agonekedwe m'chipatala. "Chaka chachitatu tsopano ndikukoka mawaya pachabe. Wandiposa. Mawa ndimupatse fomu."

Fomuyo inali pomwepo, yopanidwa kuchikuto. Inali ya mayeso omwe aja, yodzazidwa kale paliponse ndi dzanja la bambo, ndipo deti lake linali la zaka zitatu zapitazo. Inali itang'ambika m'mopinda, monga limachitira pepala loyenda nthawi yaitali m'thumba la ovolosi.

"Nanga osandipatsa bwanji?" anafunsa Wamanzere.

"Ankati wa pepala sakhala," anatero amayi, akutembenuza chipewa chija. "Uyu atapeza ake, ndi kangati anapondamo muno?"

Achimwene anavula magalasi. Anatulutsa makiyi m'thumba n'kuwaika pamwamba pa makope. Kenako anatola pulayala kuti azule msomali uja, koma ataufika anangoima, n'kubweza pulayalayo m'bokosi.

Wamanzere anafunyulula fomuyo pabenchi. Malo amodzi okha anali opanda kanthu, pamzere woti iye asaine. Pamenepo bambo anaikapo kachizindikiro ka pensulo, konga kamene ankaika pakhoma akafuna kumusonyeza poboola.