Tebulo Lopanda Mabowo

Diresi la ukwati linali litatsala mikono yokha pamene amuna awiri a pamtima pa Telala, mayi amene ankalisoka, anasiya kulankhulana. Mmodzi anali mwamuna wake, kalaliki wopuma pantchito, amene anzake a ku kalabu ankamutcha Pang'onopang'ono. Winayo anali mlongo wake wamng'ono, makanika wa pa galaja ya kuseri kwa msika, amene aliyense ankangomuti Chiphaliwali. Mkwatibwi anali mwana mmodzi yekhayo wa Telala, ndipo Chiphaliwali, monga malume wake, ndiye analonjeza kudzamunyamula pa galimoto tsiku la ukwatilo. Galimotoyo anali ataipenta kale, mipando yake ataichapa ndi sopo.

Chimene anakanganirana n'chochititsa manyazi kuchinena. Bungwe loona za masewera a ndodo ndi mipira ya patebulo linafunsa makalabu funso ili: ngati tsiku lina masewera amenewa atapatsidwa malo amodzi okha pa mpikisano waukulu uja wa mayiko onse, umene othamanga, osambira ndi ankhonya amakumanako, alowe ndi ati? Linali funso la "ngati", loti silingadyetse ngakhale mphaka. Koma amuna akapeza funso lopanda phindu amaligwira ndi manja awiri.

Pa msonkhano wa kalabu, Pang'onopang'ono anaimirira atavala kajekete kake kopanda mikono n'kunena kuti yankho ndi sinuka. Anati tebulo lake ndi lalikulu ngati bwalo, malamulo ake ndi amodzi kulikonse, ndipo wosewera amaganiza kawiri asanawerame, pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha. Chiphaliwali sanadikire kuti apatsidwe mpata. Anati pulu ndiye ali paliponse, m'dziko lililonse, amasewera anyamata ndi atsikana omwe, ndipo masewera amodzi amatha tiyi asanazizire. Sinuka, anatero iye, ndi mankhwala a tulo, moti anthu oonera pa wailesi yakanema angadzadzuke mpikisano utatha. Anthu anaseka kwambiri, ndipo kusekako ndiko kunawononga zinthu. Pang'onopang'ono, makutu atamutentha, anayankha kuti pulu ndi masewera a zidakwa, ndipo mbendera ya dziko siingaperekedwe m'manja mwa anthu onunkha girizi.

Chiphaliwali anatola chipewa chake. Ananena mofatsa, zomwe sizinali zake, kuti ngati ndi choncho, nyumba ya alamu akewo sadzaipondanso, ndipo ku ukwati akapeze dalaivala wonunkhira.

Telala anakwiya ndi onse awiri, koma koposa kukwiya anali ndi mantha. Ndi iye amene anamulera yekha mlongo wakeyo makolo awo atamwalira, ndipo ankamudziwa kuti akaumitsa khosi, ngakhale mvula siimufewetsa. Anayamba ndi wa m'nyumba. Pang'onopang'ono anavomera kuti mwina mawu aja analemera pang'ono, koma anati kupepesa kukhala ngati wavomera kuti pulu wapambana. Telala anapita ku galaja, nakapeza mapazi okha atatulukira pansi pa lole. Analankhula ndi mapaziwo nthawi yaitali. Anawakumbutsa kuti chibale ndi fupa, sichiola. Mapaziwo anayankha kuti fupa nalonso limathyoka, kenaka anapempha sipanala.

Kunyumba mkwatibwi analeka kufunsa za diresi. Ankangokhala pafupi ndi makina osokera n'kumasonkhanitsa tizidutswa ta nsalu, maso ali ofiira. Anauza amayi ake kuti galimoto ina iliyonse ikhoza kumunyamula, koma amene anamuphunzitsa kupalasa njinga ndi mmodzi yekha. Telala anasoka mkono wa diresi chagada tsiku limenelo, chinthu chimene sanachitepo chiyambire ntchito yake.

Mwayi unabwera kudzera pa khomo losayembekezeka. Mavoti a ku kalabu anafanana, a sinuka ndi a pulu, ndipo wapampando atasowa pogwira anakumbukira kuti mkazi wa membala nayenso ndi membala. Akazi ena onse anati iwo za ana sachita nawo. Anatsala Telala. Mwadzidzidzi mayi amene sanagwirepo ndodo ya patebulo anasanduka munthu wofunika. Mwamuna wake anayamba kumuthirira tiyi m'mawa, ndipo mlongo wake anatumiza uthenga woti makina osokera aja akufunika mafuta, awabweretse ku galaja awakonzere ulere.

Telala anayankha onse awiri chimodzimodzi: sangavotere chinthu chosachidziwa. Loweruka masana abwere ku kalabu, onse, amuphunzitse. Amene sabwera, voti ipita kwa mnzake.

Anabwera onse, wina analowera khomo lakumaso, wina lakumbuyo. Chipinda cha masewera chinali chachitali, chonunkhira polishi wapansi. Fani ya kudenga inkazungulira mwaulesi, firiji ya zakumwa ikulira pakona, ndipo pamwamba pa tebulo lalikulu panalendewera nyale yaitali yoyang'ana pansi. Amuna ena angapo anakhala m'mbali mwa khoma ngati akuwerenga nyuzipepala, koma palibe tsamba limene linatembenuzidwa.

Anayamba ndi sinuka. Pang'onopang'ono anapaka choko kunsonga ya ndodo mwaulemu ngati akupaka mwana mafuta, n'kuyamba kufotokoza. Ugwetsere m'bowo mpira wofiira, kenaka wa mtundu wina, kenaka wofiira, ndipo mtundu uliwonse uli ndi mtengo wake. Pofika pa mtengo wa wapinki, Telala anali ataiwala wa wachikasu. Iye anali mayi wamfupi, ndipo tebulolo linamukana. Anayesa kuimirira ndi zala, anayesa kugonera m'mphepete, mpaka mwamuna wake anamubweretsera chindodo china chachitali chokhala ndi mphanda kumapeto, choti atsamiritsepo ndodo yakeyo. Mpira woyera unayenda ulendo wautali wosakumana ndi aliyense, n'kukagwera m'bowo wokha.

"Achemwali, muwauze amuna anu kuti msana wanuwo ndi umodzi," anatero Chiphaliwali akuyang'ana kudenga.

"Mayi a mwana, mumuuze mlongo wanu kuti nthawi yake sinakwane," anayankha Pang'onopang'ono akuyang'ana pansi.

Nthawi yake itakwana, Chiphaliwali anasanja mipira pa tebulo laling'ono, anawerama, n'kuimwaza ndi phokoso loti wogulitsa zakumwa anagwetsa chotsekulira. Anati angomuonetsa kamodzi kokha. Anagwetsa mpira umodzi, kenaka wina, kenaka wina, akuzungulira tebulo ndi mluzu, mpaka anaiwala kuti pali wophunzira. Atakumbuka anamupatsa ndodo mwamanyazi. Telala anatseka diso limodzi, anamenya ndi mphamvu zake zonse, ndipo mpira wakuda unathamanga n'kulowa m'bowo la pakona. Anakuwa ndi chimwemwe, anavina pang'ono pomwepo. Mlongo wake anakanda m'mutu n'kumuuza kuti wakudayo ndi womalizira, ndiye kuti waluza. Mwamuna wake, polankhula kwa fani ya kudenga, anati m'makalabu ena lamulo limenelo amalinena mwina, ndipo limenelo ndilo vuto la pulu: msewu uliwonse uli ndi malamulo ake.

Apa Telala analema nazo. Anaona kuti nzeru yake yalephera, pakuti anawasonkhanitsa m'chipinda chimodzi koma aliyense anabwera ndi khoma lake. Misozi inali pafupi, ndipo posafuna kuti amuna a nyuzipepala aja aione, anapita kumapeto kwa chipinda ngati akukatenga chikwama chake. Kumeneko kunali tebulo lina lofunditsidwa katani yakale, pamwamba pake ataunjikapo mipando yothyoka ndi zikho zadzimbiri. Dzanja la telala silidutsa nsalu osaigwira. Anatukula ngodya ya kataniyo kuti aone mpendero wake, ndipo pansi pake anaona nsalu yobiriwira, yosalala, ndi kona yopanda bowo. Anatukula ngodya ina. Nayonso inalibe.

Anafunsa ngati kalipentala wake anamwalira asanamalize ntchito.

Pang'onopang'ono anayandikira, mphuno atakwinya. Anati limenelo ndi la karomu, analisiya anthu akale amene anamanga kalabuyo, ndipo palibe wamoyo amene amaligwira. Mipira yake ndi itatu yokha. Chiphaliwali, ali chapatali, anawonjezera kuti umamenya wako kuti ukagunde iwiri inayo, basi, palibe chogwa, palibe chotha, ngati galimoto yopanda magiya. Pang'onopang'ono anagwedeza mutu kuvomereza, kenaka anazindikira amene akumuvomereza, n'kuumitsa khosi msanga.

Telala analamula kuti mipandoyo itsitsidwe. Mipira itatu ija inapezeka m'kabati ya wogulitsa zakumwa, itakulungidwa m'sokosi. Tebulolo linali la msinkhu wake ndithu. Anamenya koyamba, anaphonya. Anamenyanso, mpira wake unagunda wofiira, unakakhudza m'mphepete, unabwerera mwaulesi ngati wasintha maganizo, n'kukapsompsona wachitatu uja ndi kaphokoso kakang'ono, kokoma ngati kulira kwa sizasi yatsopano. Telala anaima kukamwa kuli yasa. Palibe anamuuza kuti waluza. Mipira yonse inali pomwepo, ikumudikira kuti amenyenso.

Anamenya, anaphonya, anaseka, anamenyanso. Anavula nsapato. Anaphonya kambirimbiri kuposa mmene anagundira, ndipo nthawi ina mpira unalumpha n'kukagubuduka pansi pa firiji, koma mantha onse a masabata aja anamuchoka m'chifuwa kwa kanthawi, moti anaiwala ukwati, anaiwala ndi amuna awiri amene anaima kumbuyo kwake. Wapampando atabwera kudzafunsa ngati mayi aganiza, Telala sanatembenuke n'komwe.

"Lembani karomu," anatero. "Lamulo lake ndalimva kamodzi ndipo ndaligwira. Munthu wa chilankhulo chilichonse akhoza kuonera n'kudziwa chimene chikuchitika. Amenewa ndiwo apite."

Kenaka Pang'onopang'ono, amene moyo wake wonse sanafulumirepo, anatembenuka mwaliwiro.

"Alamu, mwamva zimene akunena achemwali anuwa?"

"Ndamva, alamu. Tebulo lopanda mabowo! Dziko lonse litiseka."

Anamuzungulira onse awiri. Wina ankati masewera opanda bowo ali ngati mpira wamiyendo wopanda golo, winayo ankati ali ngati thalauza lopanda matumba, ndipo telala ayenera kudziwa bwino zimenezo. Wina akayamba chiganizo, mnzake ankachimaliza. Pang'onopang'ono anafika ponena kuti bola pulu, chifukwa pulu ali ndi chiyambi ndi mapeto, ndipo amafuna diso lakuthwa ngati la alamu akewa. Chiphaliwali anati ayi, kunena zoona sinuka ili ndi ulemu wake, munthu sangaikane. Telala anawayang'ana, anaona chimene chikuchitika, ndipo anaweramira patebulo msanga kuti asaone nkhope yake. Sanachite dala, Mulungu ndi mboni. Koma popeza zinachitika, sanali wopusa woti n'kusintha voti.

Potuluka anatulukira khomo limodzi. Dzuwa linali litapendeka, ana akubwera kosewera mpira, ogulitsa m'mbali mwa msewu akulongedza. Amuna awiriwo anatsogola, mapewa akugundana, akukonza za mmene angakanenere kwa wapampando kuti voti ya munthu wophunzira tsiku lomwelo isawerengedwe. Telala ankabwera m'mbuyo, nsapato zikumuluma, akumva masewera ake atsopano akunyozedwa msewu wonse, ndipo sanamvepo nyimbo yokoma chotero. Pa mphambano yopita ku galaja Telala anayang'anitsitsa mlongo wake. Chiphaliwali sanakhote. Anali pakati pofotokoza mfundo.

Mfundoyo anaipitiriza polowa pa geti, anaipitiriza pokwera masitepe, ndipo inamuthera pakhomo penipeni. Mkwatibwi, poganiza kuti kunyumba kulibe anthu, anali atavala diresi lija kuti adzione pa galasi la pabalaza. Mkono umodzi unali wosokedwa, winawo wongogwidwa ndi mapini. Anatembenuka, anaona amalume ake, ndipo anagwira pakamwa.

Chiphaliwali anayang'ana mwana wa mlongo wake, kenaka anayang'ana phazi lake, limene linali kale mkati mwa nyumba. Anavula chipewa. Pang'onopang'ono anatsokomola, anayang'ana khoma, n'kunena motsitsa kuti mawu aja ku msonkhano anali oipa, ndipo wakhala akuchita nawo manyazi kuyambira tsiku lomwelo. Mlamu wakeyo anangogwedeza dzanja ngati akuthamangitsa ntchentche. Munthu wa mawu ambiri uja anafunafuna chonena mpaka anachipeza.

"Iwe mwana, galimoto ija ifike nthawi yanji?"

Mkwatibwi anathamanga n'kumukumbatira, mapini ndi zonse, moti amalumewo anakuwa kuti akubayidwa koma sanamusiye. Telala anafuna kukalipa kuti diresi limakwinyika, nsalu yoyera siichedwa kuda, ndipo mkono uja ungathothoke. Anatsegula pakamwa, koma kunatuluka kuseka kosakaniza ndi kulira. Anakhala pa mpando wa makina ake n'kuwasiya alikwinye mmene angafunire.